Kakitasi woluka akamawerama kapena kugwa: poyambira kufufuza ndi kakonzedwe kake

Zaka zingapo zapitazo, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndinaluka makakitasi asanu ndi mmodzi oti akakongoletse matebulo pa kitchen party ya mwana wa alamu anga ku Kapata, kuno ku Chipata. Usiku ndinawandandalika pakabati, onse ali njo, mpaka ndinadzitama ndekha. M'mawa ndinawalonga m'katoni, wanjinga n'kundinyamula. Pofika uko, anayi anali atawerama ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira. Amayi ena achikulire ananyamula mmodzi, kumutembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa mwaulemu ndithu kuti, "Kodi mayi, izi ndi nkhaka zofota?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumasula ndi kukonza makakitasi ambiri, anga ndi a anzanga a m'chilimba chathu, ndipo dandaulo limakhala lomwelomwelo: tsiku loyamba amaima bwino, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ayamba kupendama. Kwa amene simunawaonepo, ndikunena timitengo toluka ndi wulu wobiriwira, totsendera zofewa m'kati, toika mu kamphika kuti tikhale pawindo kapena patebulo. Kakitasi weniweni kwawo ndi ku America. Wa manja awiri okwezeka uja mumamuona pazithunzi ndi saguaro wa m'chipululu cha Sonora, ku Arizona ndi kumpoto kwa Mexico. Kuno ena amamusokoneza ndi nkhadze ya kumpanda, koma nkhadze ndi mtundu wina, wa utomoni woyera woopsa m'maso uja. Wolukayu ubwino wake safuna madzi ndipo sabaya mwana. Kuipa kwake ndi kumeneku, kuti alibe mizu yomugwira.

Musafulumire kumasula. Muikeni patebulo losalala, mumuwongole, kenako mumukankhe pamutu ndi chala chimodzi pang'onopang'ono, maso ali pamene akuyambira kugonja. Akapindika pakati pa thupi, nkhani ili pa kalukidwe kapena pa zam'kati. Akakhala wowongoka thupi lonse koma n'kumagwedera polowera mumphika, ndiye kuti khosi silinagwire. Akanyamuka ndi mphika womwe n'kugubuduzika, vuto ndi kulemera. Matenda atatuwa amafanana ukawaonera patali, ndipo anthu ambiri amangowonjezera thonje pa onse atatu, pomwe awiri mwa iwo thonjelo limangowakulitsa.

Akamapindika pakati pa thupi

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa makakitasi ambiri amene amandibweretsera amadwala pamenepa, ndipo cholakwacho chinachitika kale, pa mzere woyamba weniweni.

Ambirife tinaphunzira kuluka pa majuzi, zipewa ndi timasokosi ta makanda. Chovala chimafuna kufewa kuti thupi lipume, ndiye dzanja lathu linazolowera kumasula. Kakitasi ndi thumba loti ligwire zam'kati, ndipo thumba lotayirira silingaimitse kanthu. Wulu wa double knitting, wonenepa mwapakatikati, amene timagula m'mashopu a ku Down Shops nthawi zambiri papepala pake amalemba singano za 4 mm. Zimenezo n'za juzi. Pa kakitasi tsikani kufika 3 mm kapena 3.25 mm. Amene munasiyiridwa singano za ambuya zolembedwa manambala akale a ku Britain, kumbukirani kuti nambala ikamakwera singano ikuchepa: nambala 8 ndiye 4 mm, nambala 10 ndi 3.25 mm, nambala 11 ndi 3 mm. Mnzanga wina anamva kuti achepetse singano, n'kuchoka pa nambala 10 kupita pa nambala 8, akuganiza kuti wachepetsa. Kakitasi wake anatuluka ngati ukonde wa usipa.

Kuti mudziwe ngati mwalimbitsa mokwanira, lukani mizere khumi, muvale kansaluko pachibakera, mukakoke, n'kukaloza kuwindo. Khungu la dzanja likamaonekera m'mabowo, thonjenso lidzaonekera, ndipo pakapita masiku lidzayamba kutuluka timaubweya toyera ngati imvi. Zala zikuyenera kumva kuwawa pang'ono poluka kakitasi. Mukamaluka mosangalala ngati shawelo, china chake chalakwika.

Amene tinayambira kuluka pa masipoko a njinga tili ndi mwayi apa, paja sipoko ndi yopyapyala kuposa singano zonsezi. Ndi wulu wopyapyala, wa zovala za makanda uja, masipoko amatulutsa nsalu yothinana bwino kwambiri. Ingonolani nsonga pamwala, muisalaze kuti isamang'ambe wulu.

Wulu womasula ku majuzi a salaula ndimaugwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa kumeneko ndi kumene kumapezeka zobiriwira zokongola, za msipu wofota, za tsamba la mango, zimene m'shopu simuzipeza. Koma uli ndi misampha iwiri. Woyamba, majuzi a kufakitale ambiri amalukidwa ndi ulusi wopyapyala, choncho muphatikize ziwiri kapena zitatu, ndipo mphatikizo wake usasinthe pakati pa ntchito. Mukayamba ndi zitatu n'kutsiriza ndi ziwiri poti wulu wachepa, kakitasi adzapindikira ndendende pamene munasinthirapo. Wachiwiri, wulu womasula umakhala wopotanapotana. Mukauluka chomwecho masitichi amatuluka ena aakulu ena aang'ono. Ukulungeni kumsana kwa mpando, muumange malo anayi, muuviike m'madzi ofunda, muuyanike pamthunzi mutapachikako kapu kumunsi kuti uwongoke. Ukauma ndi pamene muupange mpira.

Tsono nthiti. Chimene chimachititsa kuti munthu akangoona anene kuti uyu ndi kakitasi ndi mizere yotukuka ija, yotsika kuchokera pamutu. Timaipeza poluka libu, masitichi awiri a puleni (osalala kumaso kwa nsalu) ndi awiri a pelo (olowa m'kati), monga kumapeto kwa mkono wa juzi. Ine wa thupi limodzi ndimayamba ndi masitichi 32, n'kuluka mpaka masentimita 12 kapena kuposerapo pang'ono. Libu ntchito yake ndi kutanuka, ndiye imalandira chilichonse chimene mwaipatsa. Mukamatsendera osaleka, iyo imangofutukuka, nthiti n'kuphwa, ndipo mapeto ake ndi nkhaka ija anandifunsa amayi aja. Nsalu yotanuka mpaka mapeto ilibenso mphamvu yobwerera, choncho kakitasi wonenepa kwambiri ndi amene amayamba kuwerama. Chothandiza ndi kuluka masitichi a puleni polowetsa singano kumbuyo kwa sitichi m'malo mwa kutsogolo. Sitichi imapotoka, nthiti imatukuka, ndipo siitanuka mwachisawawa. Zimachedwetsa pang'ono, koma kusiyana kwake mumakuona ndi maso.

Ngati kakitasi analukidwa kale motayirira ndipo mulibe mtima womumasula, pali njira yomupulumutsira. Chotsani zam'kati zonse, mupeze sokosi yakale yopyapyala, yakuda kapena yobiriwira, muilowetse m'kati ngati chovala cham'kati, n'kutsendera thonje m'sokosimo. Sokosi ndi imene imanyamula katundu, wulu n'kungokhala chophimba. Yoyera musaike, imaonekera.

Za zoika m'kati, chabwino koposa ndi thonje la pulasitiki la m'mapilo lija. Pilo wakale mmodzi, mutamuchapa ndi kumuumitsa bwino, amakwanira makakitasi ambirimbiri. Koma thonje la pilo wogonera zaka limakhala litagwirana, ndiye muyambe mwalimwaza ndi zala mpaka lifufume. Poika, tengani pang'onopang'ono, kachidutswa kosaposa dzira la nkhunda, muzikankha ndi chigwiriro cha mthiko kapena kumbuyo kwa pensulo, kuyambira kumutu kutsika. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuika zibuma ziwiri zikuluzikulu, china kumutu china kumunsi. Pakati pa zibumazo pamatsala mpata, ndipo mpatawo ndi umene umasanduka chiuno chopindikira. Mukamufinya kakitasi kuyambira kumutu mpaka kumunsi, chala chikalowa penapake mosavuta kusiyana ndi pena ponse, mwapapeza. Tsegulani kumunsi, mutulutse zonse mpaka pampatapo, muyambirenso. Kungokankhira thonje lina kumunsi sikuthandiza, mpata umangosamukira pamwamba pang'ono.

Kuno kum'mawa kwa Zambia timalima thonje, ndipo nyengo yokolola ikafika, cha m'Meyi ndi Juni, amene tili ndi abale ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi timayesedwa kuti tingotapako m'chiguduli. Ndinayesapo. Thonje la kumunda lili ndi njere, ndipo njerezo zili ndi mafuta amene makoswe amawanunkhiza. Kakitasi wanga wina ndinamupeza m'mawa ataboka pamimba, njere zili mbwee pakabati. Ngakhale mutatola njere zonse, thonje lenileni limatsika lokha pakapita nthawi, ndipo likangonyowa limaumbika timibulu tosamasukanso. Ngati ndi lokhalo muli nalo, tolani njere, mulimwaze, mutsendere molimba kuposa la pilo, ndipo mudziwiretu kuti ameneyo sadzachapidwa.

Tizidutswa ta chitenge ta kwa atelala n'tolemera. Kumunsi kwenikweni timathandiza, koma kumutu timamugwetsa, ndiponso mitundu yake imasuzumira m'mabowo. Mapepala apulasitiki amachita phokoso ndipo amaphwa. Siponji ya matiresi akale ndiyo ndimaikonda pa makakitasi aatali: mudule kamtanda koyerekeza ndi thupi koma kocheperako, mukasenge m'mbali ndi sizasi kuti kakhale kobulungira, mukakute ndi thonje lochepa, n'kulowetsa. Siponji ilibe chiuno chopindikira.

Kakitasi akapitirira kutalika kwa chikhatho, ngakhale mutatsendera mwaluso bwanji, amafuna msana. Kamtengo ka nsungwi kouma, kosalazidwa, konenepa ngati pensulo, n'kokwanira. Kayambire pansi pa mphika mpaka katsale zala ziwiri kuti kafike pamutu. Kakafika pamutu penipeni kamatukula wulu, kakitasi n'kuoneka ngati tenti, ndipo tsiku lina kadzaboola. Kunsonga kwake mangirirani kansanza ndi ulusi. Chachikulu n'chakuti kamtengoko kakhale pakati, thonje litazungulira mbali zonse mofanana. Kakatsamira mbali imodzi, inu mwakonza kupindika koma mwabweretsa kupendama kosatha. Sipoko ya njinga imagwiranso ntchito, bola mupinde nsonga zake zonse ndi pulayala ndi kuikulunga tepi, chifukwa m'dzinja chinyezi chimaichititsa dzimbiri, dzimbiri n'kudetsa wulu.

Akamagwedera pakhosi

Uyu thupi lake n'lolimba, mwina munaluka bwino kuposa tonsefe, koma mukamukhudza amagwedezeka ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Nthawi zambiri mwini wake anangomukhazika pamwamba pa "dothi" loluka, kansalu kofiirira kotseka kamwa la mphika, n'kusoka mozungulira. Dothi lolukalo ndi nsalu yofewa, ndiye mwasokerera chinthu chachitali pa chinthu chotanuka.

Kakitasi ayenera kukwiririka monga mtengo weniweni. Ine ndimaluka thupi lalitali kuposa limene ndikufuna kuti lioneke, kuti gawo limodzi mwa magawo atatu lilowe mumphika. Kenako ndimadula katoni yolimba mozungulira, yoti ithine m'kamwa mwa mphika, n'kuboola pakati bowo locheperako kuposa thupi la kakitasi, kuti alowe mochita kukakamiza. Katoni ikhale ziwiri zomatana, mizere yake yopingasana, chifukwa imodzi yokha imapindika motsata mizere yake. Chivindikiro chapulasitiki cha chitini chimaposa katoni, poti sichiopa chinyezi kapena chiswe. Pamwamba pake ndi pamene pamabwera dothi loluka la wulu wofiirira, ndipo limenelo ntchito yake ndi kubisa basi.

Posoka khosi musagwiritse ntchito wulu womwewo. Wulu umatanuka. Tengani ulusi wolimba, wosokera nsapato kapena womangira tsitsi la mawigi uja, muzungulire kawiri, ulendo wachiwiri singano izilowa pakati pa malo amene munalowa poyamba. Ngati muli msana wa nsungwi, utulukire kumunsi ndi kuzikika mu zolemetsa za mumphika. Msana wothera pakhosi pomwepo uli ngati mzati woimika pamwamba pa nthaka osakumba dzenje.

Guluu ndimamukana pamenepa. Amaumitsa wulu kukhala gwa, amaoneka, ndipo kakitasi womatidwa simungamutulutsenso kuti mumukonze kapena kumuchapa.

Akamagwa ndi mphika womwe

Izi sizichedwa kukonza, koma ndi pamene anthu amadziitanira alendo. Mphika umafuna cholemetsa pansi, ndiye munthu amayang'ana m'khitchini n'kuona mpunga, nyemba, chimanga. Zimalemeradi, ndipo malangizo ambiri ochokera kumayiko ozizira amatchula mpunga. Kuno pakangotha miyezi iwiri kapena itatu mudzaona kaufa koyera kuzungulira mphika, ndipo mukaukweza anankafumbwe ali piringupiringu. Makoswe nawo sachedwa. Chakudya chilichonse chisalowe mu kakitasi.

Mchenga wa kumtsinje ndi umene umagwira ntchito, kaya wa ku Lutembwe kaya wotsala pamene amamanga nyumba. Muusefe, muutsuke kuti fumbi lichoke, muuyanike, kenako muukazinge pambaula m'chiwaya chakale mpaka utenthe, kuti chinyezi ndi tizilombo zithe. Ukazizira muuthire m'kathumba kapulasitiki, mumange, muikenso m'kathumba kena kansalu. Mchenga wongothira mumphika umatayika tsiku limene mphika wagwa, ndipo umakwera m'wulu. Timiyala tosalala ndi tabwinonso, koma muike kansanza pakati pake kuti tisamalire mukanyamula.

Mphika wake ukhale wotakata pansi. Makapu othyoka chigwiriro, zitini zazifupi zopentedwa, timiphika tadothi ta kumsika, zonsezi zimakhala bwino. Timiphika tapulasitiki ta mbande tija n'topepuka ndiponso topanikiza kumunsi, choncho timafuna mchenga wofika theka. Muyezo wanga ndi wakuti gawo looneka la kakitasi lisapitirire kawiri kutalika kwa mphika. Ndikafuna wamtali kuposa apo, ndimasintha mphika, sindilimbana nawo.

Amene mumagulitsa panja, ku Saturday Market kapena m'mbali mwa msewu wopita ku Mfuwe kumene kumadutsa alendo, yesani katundu wanu ndi mphepo musanachoke kunyumba. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imagwetsa kakitasi amene m'nyumba amaima bwinobwino. Ine ndimamupepesa ndi chivindikiro cha poto mwamphamvu. Akagwedezeka ndi mphika, ndimawonjezera mchenga. Ndipo ponyamula, phunziro la ku Kapata lija: musawagoneke, musawasanjikize. Aime m'katoni, mipata yonse mutatseka ndi nyuzipepala, kuti njinga ikamadumpha m'maenje iwo asamavine.

Manja olendewera

Wa manja uja ndi amene makasitomala amamufuna kwambiri, ndipo ndi amene amavuta. Dzanja limayenera kutuluka cham'mbali kenako n'kukhotera kumwamba. Mukangoluka kathumba kowongoka n'kusokerera, kamaloza cham'mbali tsiku loyamba, lachitatu kaloza pansi.

Chigongono chiyenera kulukidwa, osati kuyembekezera kuti thonje lichipange. Njira yake ndi yomwe ija ya chidendene cha sokosi: mukafika pokhotera, lukani masitichi a mbali yakunja okha, mutembenuke osamaliza mzere, mubwerere, kangapo, kuti kunja kutalike kuposa m'kati. Amene chidendene chimakuvutani, lukani kathumba kowongoka, mutsendere, mukapinde, n'kusoka m'kati mwa chigongono masitichi atatu kapena anayi okoka kuti kakhale chopindika. Ngati kakitasiyo ndi wongoonetsa pamalo osafika ana, kawaya kopyapyala kodutsa m'thupi kuchokera dzanja lina kufika linzake kamagwira bwino koposa, nsonga zake zitapindidwa.

Manja akhale aafupi ndi oonda kuposa mmene mtima ukufunira, pafupifupi theka la kunenepa kwa thupi. Asalumikizidwe pamalo ofanana, lina likhale m'mwamba lina m'munsi, koma onetsetsani kuti kulemera kwake kukulingana. Dzanja limodzi lalikulu mbali imodzi limakoka thupi lonse, ndipo mudzakhalira kuimba mlandu thonje pomwe wolakwa ndi dzanja. Musanasoke, libayeni ndi mapini kaye, mumuimike usiku wonse, m'mawa muone kumene wapendamira.

Wa masamba aphwatalala ngati zikhatho zosanjikizana amafuna zina. Ameneyo musamutsendere thonje lambiri, amasanduka mbatata. Dulani pulasitiki ya chigubu chakale motsata tsambalo, muikute kathonje kochepa mbali zonse ziwiri, n'kulowetsa.

Pamutu ndi pamsoko

Kabowo ka pamutu kamabwera mukakoka masitichi ambiri nthawi imodzi. Masitichi 32 sangasonkhane pamodzi osasiya khomo. Chepetsani kaye: puleni awiri pamodzi, pelo awiri pamodzi, atsale 16. Lukani mzere umodzi osachepetsa, kenako awiriawiri pamodzi, atsale 8. Apo dulani wulu, muudutsitse m'masitichi asanu ndi atatuwo kawiri, mukoke, n'kumanga mfundo m'kati. Kukoka kwake kukhale kwa pang'onopang'ono, paja wulu wa salaula umaduka pamene simukufuna. Kabowo kakatsalabe, kaduwa kofiira kapena kachikasu kamabisa bwino, ndipo palibe amene adzafunse.

Kakitasi wopotoka ngati chingwe, nthiti zikuzungulira m'malo motsika, vuto lake ndi msoko. Mbali imodzi munaikoka kuposa inzake, mizere sinakumane. Masulani msokowo, mubaye mapini kumutu, pakati ndi kumunsi, musoke mzere ndi mzere mnzake muli kunja kwa nsalu, kuti muziona zimene mukuchita. Msoko ugwere mumzere wolowa wa pelo, usaonekere.

Minga, fumbi ndi dzuwa

Minga ndimaipanga ndi ulusi woyera, timfundo ting'onoting'ono pamwamba pa nthiti, tisanathinane kwambiri. Ikamasololoka ndiye kuti munangodutsitsa ulusi osamanga. Ena amabaya mapini a mitu yoyera, ndipo amakongoladi, mpaka amasandutsa kakitasiyo chosungira mapini pafupi ndi makina osokera. Koma ameneyo asapite m'nyumba ya ana okwawa. Mikanda nayonso chimodzimodzi, mwana amaibudula n'kuika m'kamwa kapena m'mphuno. Ndimafunsa kaye wogula ngati kunyumba kuli wamng'ono.

Fumbi lofiira la chilimwe limalowa m'nthiti, wobiriwira n'kusanduka wotuwa. Musadikire kuti lizikike. Kamodzi pa sabata mumutulutse panja, mumugwire pakhosi, mumupukute ndi mswachi wakale wouma motsata nthiti. Likakanika, mutulutseni mumphika, muchotse msana ndi katoni, mumuchape ndi manja m'madzi ozizira a sopo wochepa, mumufinye m'thaulo osapotokola, n'kumugoneka pamthunzi podutsa mphepo. Kumupachika pachingwe ali wonyowa kumamutalikitsa, ndipo sabwereranso. Apa ndi pamene mudzathokoze kuti simunamate ndi guluu.

Wulu wambiri wa m'mashopu mwathu ndi wa akiriliki, kutanthauza kuti ndi pulasitiki. Simbi yamoto isamukhudze. Akiriliki akapsa amaphwa, amanyezimira, amalobodoka, ndipo palibe mankhwala ake. Mnzanga wina anafuna kuwongola tsamba lopindika ndi simbi yamakala, linatuluka lende ngati khutu la mbuzi. Pafupi ndi mbaula kapena kandulo asakhalenso, makamaka masiku ozima magetsi pamene kandulo timangoiimika paliponse. Pawindo lolowa dzuwa la masana mbali imodzi imasuluka, ndiye muzimutembenuza, kapena mumusunthire pamene kuwala kumafika koma dzuwa silimuwomba.

Akathiriridwa madzi

Ili ndinkaliyesa nthabwala mpaka linandigwera. Ndinapatsa akulu anga kakitasi wabwino kwambiri, wa nthiti zakuthwa, wa m'chitini chopenta. Patatha mwezi anandibwezera akununkha chinyezi, atapendama, kumunsi kuli dzimbiri lokhalokha. Tinafufuza, n'kupeza kuti ambuya, amene maso ayamba kuchita chifunga, ankamuthirira m'mawa uliwonse pamodzi ndi maluwa ena a pakhonde. Titawauza anakana, amvekere, "Nanga bwanji sakufota?"

Wonyowa chonchi mumuphwasule tsiku lomwelo. Katoni mutaye, siibwereranso. Mchenga muukhuthule, muukazingenso. Thonje la pilo limachapika ndi kuuma, koma la kumunda ndi nsanza mutaye, nkhungu ikalowamo siituluka. Chikopa cholukacho muchichape, ndipo ngati pali madontho a dzimbiri, finyiranipo madzi a ndimu ndi kamchere, mudikire pang'ono, mutsukuluze, koma yesani kaye pagawo lokwiririka lija kuti muone ngati mtundu sukusuluka. Akulu anga ndinawasinthira chitini n'kuika kapu yadothi, katoni n'kuika chivindikiro chapulasitiki, ndipo kakitasiyo tsopano amakhala pamwamba pa kabati, pamene ambuya safikira ndi chikho chawo.